Laser pochiza mtsempha wa dzino: mafunso ndi mayankho

Kodi laser imagwira ntchito yanji pamenepa?

Dzino likawola mpaka kufika pa mtsempha, dokotala wa mano amaliboola pamwamba, n'kuchotsa nyama yofewa ya mkati yomwe yadwala. Kenako amakulitsa timipata ta m'mizu ndi tizitsulo tating'ono, amatsukamo ndi mankhwala opha tizilombo a sodium hypochlorite, ndipo pomaliza amatsekamo ndi gutta-percha, chinthu chonga mphira. Laser, yomwe ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, imalowa makamaka pa kutsukako. Tizitsulo tija timagwirabe ntchito yake, ngakhale otsatsa malonda ena amalankhula ngati laser imachita zonse yokha.

Nanga mankhwala otsukirawo sakwanira?

Nthawi zambiri amakwanira. Chovuta n'chakuti mkati mwa muzu muli tinjira tambirimbiri topyapyala kuposa tsitsi, ndipo tizilombo ngati Enterococcus faecalis timabisala mmenemo. Laser ya mtundu wa Er:YAG, ya 2940 nm (nm ndi muyeso wa mafunde a kuwala), imapanga tithovu m'mankhwalawo tomwe timaphulika n'kuwakankhira m'makona momwe sakanafika okha. Ya diode, yomwe imakhala pakati pa 810 ndi 980 nm, imapha tizilombo ndi kutentha. Kutenthako kukapitirira muyeso kumatha kupweteka minofu ndi fupa lozungulira muzu, n'chifukwa chake luso la dokotala ndi lofunika kuposa mtengo wa makinawo.

Ndiye sindimva kuwawa ndikachoka?

Musayembekezere zimenezo. Kuwawa kwa pambuyo pake kumachokera ku minofu ya kunsonga kwa muzu, yomwe imakhala yotupa kale kapena yakhudzidwa pa ntchitoyo. Kumakula tsiku loyamba ndi lachiwiri, makamaka potafuna, kenako kumazirala pang'onopang'ono mkati mwa sabata. Amene anabwera dzino likuwawa kwambiri ndi amene kawirikawiri amavutikanso pambuyo pake, kaya laser inagwiritsidwa ntchito kaya ayi.

Pali kafukufuku wosonyeza kuti laser imachepetsako ululu wa masiku oyambawo, makamaka laser yofooka yomwe amawalitsa pankhama kunja kwa dzino. Koma pakatha sabata, kusiyana kwake ndi amene sanailandire kumakhala kochepa zedi.

Kodi ndibayidwabe jakisoni wa dzanzi?

Inde. Mudzavalanso magalasi oteteza maso, inuyo pamodzi ndi dokotala ndi womuthandiza.

Kunyumba ndizichita chiyani?

Imwani ibuprofen kapena paracetamol monga wakuuzirani dokotala. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena muli oyembekezera, muuzeni asanakulembereni ibuprofen. Chimanga chokazinga, nzimbe ndi mafupa zikhale kaye kumbali ina ya mkamwa mpaka dzinolo litatsekedwa bwino kapena kuvekedwa crown (chipewa choteteza dzino), chifukwa dzino lochotsedwa mtsempha limasweka msanga.

Ndi liti pamene ndiyenera kubwerera msanga?

Tsaya likatupa, thupi likatentha, ululu ukamakula m'malo mochepa pakatha masiku atatu, kapena chotsekera chikagwa. Kutupa kukafika poti kumeza kapena kupuma kukuvuta, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.