Pulogalamu ikakana kudzuka pa seva, yambani mwawerenga log

Pulogalamu ya kampani ikakana kudzuka, ambiri amathamangira kuzimitsa seva n'kuyiyatsanso. Nthawi zina zimathandiza, koma vuto likakhala m'masetingi kapena m'malaibulale, mawa lake mudzalipeza likukudikirani.

Seva ngati Tomcat, WildFly, WebSphere ndi WebLogic ndi zimene zimayendetsa mapulogalamu a Java amene mabanki ndi makampani akuluakulu amadalira. Mapulogalamuwa sayenda okha. Amatsamira pa malaibulale, omwe ndi khodi yolembedwa kale ndi anthu ena, yosungidwa m'mafayilo a JAR. Malaibulale ena amabwera ndi pulogalamuyo mu foda ya WEB-INF/lib, ena seva imakhala nawo kale. Nkhani yagona pamenepa.

Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu yabwera ndi laibulale yatsopano pomwe seva ili ndi yakale ya dzina lomwelo. Gawo lotchedwa class loader limasankhapo imodzi, ndipo pa WebSphere limayamba ndi ya seva pokhapokha mutalisintha. Likatenga yakaleyo, pulogalamu imaitana ntchito imene mulibemo, ndipo log, yomwe ndi fayilo imene seva imalembamo zonse zikuchitika, imaonetsa NoSuchMethodError. Apa laibulale ilipo, kungoti ndi yolakwika. Ikasoweratu m'pamene mumaona ClassNotFoundException kapena NoClassDefFoundError. Kungosiyanitsa mitundu iwiri ya mauthengayi kumakupulumutsirani tsiku lathunthu.

Log muipeza mu catalina.out pa Tomcat, kapena server.log pa WildFly. Mizere yake imachuluka mpaka kuziziritsa nkhongono, koma musataye mtima: tsikani mpaka pa "Caused by" womaliza, poti gwero la vuto nthawi zambiri limabisala pamenepo. Onaninso vuto loyamba kulembedwa seva itangoyaka, chifukwa ena otsatirawo amakhala ana ake chabe.

Msampha wina unabwera mu 2020 ndi Jakarta EE 9, mndandanda wa malamulo amene seva za Java zimatsatira, pamene mayina ambiri a m'khodi oyamba ndi javax anasinthidwa kukhala jakarta. Pulogalamu yakale imene imayenda bwino pa Tomcat 9 siyenda pa Tomcat 10 isanakonzedwe.

Za masetingi ndi zosavutirapo. "Address already in use" akutanthauza kuti port, yomwe ndi khomo la nambala limene seva imalandirirapo mauthenga, kawirikawiri 8080, yatengedwa kale ndi pulogalamu ina. Kulephera kufikira database nthawi zambiri ndi dzina kapena pasiwedi yolembedwa mosiyana pakati pa pulogalamu ndi fayilo ya masetingi a seva ngati standalone.xml ya WildFly.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi choponya JAR aliyense mu foda ya lib ya seva mpaka uthenga utasowa. Foda imeneyo amadyera limodzi mapulogalamu onse a pa sevayo, choncho mukachiritsa imodzi mutha kudwalitsa ina imene inali bwinobwino. Ngati mumagwiritsa ntchito Maven, chida chomangira mapulogalamu a Java, lamulo la mvn dependency:tree -Dverbose likuonetsani laibulale imene yalowa kawiri komanso chimene chayikoka. Sungani kope la fayilo musanaikhudze, sinthani chinthu chimodzi, yesani pa seva yoyeserera, ndipo lembani zimene mwasintha kuti mnzanu wa usiku asadzayambirenso poyamba.