Adokotala, bwanji osangochidula chotupacho?

Tikangowauza achibale kuti wodwala wawo ali ndi khansa ya kummero, funso limabwera lomwelomwelo: "Adokotala, poti mwachiona chotupacho, bwanji osangochidula?" Ena amafunsa atakwiya ndithu, poganiza kuti tikumumana thandizo m'bale wawo chifukwa ndi wakumudzi, wa ku Chingale kapena ku Jali, wopanda womuyankhulira. Funsolo ndi lomveka. Koma yankho lake silichokera m'mutu mwa dokotala mmodzi. Likuchokera ku kafukufuku wa zaka zoposa 100.

Vuto loyamba ndi malo amene chotupacho chimakhala. Njira ya chakudya ndi yotalika pafupifupi masentimita 25. Imatsika kuseri kwa njira ya mpweya, n'kudutsa kumbuyo kwa mtima, pakati pa mapapo awiri, pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi. Palibe poilowera mophweka. Munthu woyamba kuchotsedwa khansa ya m'chigawo cha m'chifuwachi n'kukhala ndi moyo anali mayi wina wa ku New York, mu 1913, m'manja mwa Franz Torek. Dokotalayo sanalumikize njirayo ayi. Mayiyo ankameza, chakudya n'kutulukira paboo la m'munsi mwa khosi, n'kudutsa m'paipi ya labala kunja kwa thupi kukalowa m'mimba. Anakhala choncho zaka zoposa 10.

Mu 1946, Ivor Lewis wa ku Wales anafotokoza njira imene ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Amatsegula pamimba, n'kumasula chifu. Kenako amamutembenuza wodwalayo, n'kutsegula chifuwa kumanja pakati pa nthiti, papo la mbali imeneyo n'kuliphwetsa kaye kuti manja apeze podutsa. Gawo lodwala likachotsedwa, chifu chija amachikokera m'chifuwa n'kuchisokerera ku kachigawo kabwino kotsala kumtunda. Ntchito ya maola ambiri imeneyi. Msoko umenewo ukadontha, zam'mimba zimatayikira pafupi ndi mtima, ndipo munthu akhoza kutisiya m'masiku ochepa.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti pa opaleshoni ya kummero, chimene timachiopa kwambiri ndi mapapo. Chibayo ndicho chimagwetsa odwala ambiri akatuluka ku fiyeta. Bala la m'nthiti limapweteka, munthu amaopa kutsokomola, makhololo n'kudzazana. Kafukufuku wotchedwa TIME, amene anachitika ku Ulaya n'kufalitsidwa mu 2012, anagawa odwala 115 m'magulu awiri mwa maere. Ena anawatsegula chifuwa monga mwa kale, ena anawachita kudzera m'timaboo ting'onoting'ono ndi kamera. Mwa otsegulidwa, pafupifupi 34 pa 100 alionse anadwala matenda a m'mapapo ali m'chipatala. Mwa a timaboo, 12 okha pa 100.

Tsono ganizirani wodwala wathu. Bambo wasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Mayi wakhala zaka 40 m'khitchini ya utsi wa nkhuni. Wina anadwalapo TB, mapapo ali ndi zipsera. Ndiye tikamamuuza munthu kuti akwere masitepe tione ngati sachita befu, kapena tikamajambula chifuwa pamene iye akudandaula za pakhosi, sikuti tasochera. Tikufunsa ngati papo limodzi lingamusunge pa nthawi imene linalo laphwetsedwa. Ndipo ngati bedi ya odwala mwakayakaya, yokhala ndi makina othandizira kupuma, palibe tsiku limenelo, opaleshoniyi siyambika n'komwe.

Kafukufuku wina amene anasintha zinthu ndi CROSS, wa ku Netherlands, wofalitsidwanso mu 2012. Odwala 366. Theka anangochitidwa opaleshoni. Theka linalo anayamba alandira mankhwala a khansa a m'diripi pamodzi ndi kuwotcha chotupa ndi makina kwa milungu 5, opaleshoni pambuyo. A opaleshoni yokha, theka la iwo anali atamwalira pofika miyezi 24. A gulu linalo, mpaka miyezi 49. Choncho mpeni wokha sukwanira. Ine chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu ndi ichi: khansa ya kummero ili mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo odwala atatu mwa anayi alionse mu CROSS anali ndi mtundu wofala ku Ulaya, woyambira kumunsi pafupi ndi chifu. Mtundu wathu kuno, woyambira pa kakhungu ka m'kati mwa njirayo, unali ndi ochepa. Komatu ochepawo ndiwo anapindula kwambiri, moti pafupifupi theka la iwo, gawo lodulidwalo litapimidwa, khansa sinapezekemo. Nkhani yabwino imeneyi, kungoti kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina owotchera, ndipo odwala ankadikira mwayi wotumizidwa kunja monga ku India kapena ku Zambia. Malo othandizira odwala khansa amene amangidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi chiyambi, koma kuchoka ku Mayaka kukakhala ku Lilongwe milungu 5, ndi gadiyani yemwe, si nkhani yamasewera.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Ofufuza m'dziko muno, ku Kenya ndi ku Tanzania aloza chala mowa, makamaka waukali ngati kachasu, fodya, utsi wa nkhuni, komanso zakumwa zamoto kwambiri. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa pa dziko lonse la IARC linanena kuti chakumwa chotentha kupitirira madigiri 65 chikhoza kuyambitsa khansayi. Tiyi wa m'mawa uja, musiyeni apole kaye. Pa Zomba Central Hospital pomwe pano, madokotala athu mogwirizana ndi anzawo a ku Jena ku Germany akhala akufufuza za matendawa mwa odwala obwera kudzaunikidwa ndi kamera ya kummero.

Odwala ambiri amatipeza mochedwa, ndipo njira yake imakhala imodzimodzi. Poyamba nyama ikukakamira, munthu n'kumatsitsira madzi. Kenako nsima, ndiye amayi a kunyumba amayamba kuphika yofewa. Kenako phala. Kenako thobwa. Pofika kwa ife, munthu wanyamula kachitini kolavulira, chifukwa ngakhale malovu sakutsika, lamba waboola maboo atsopano. Pakati ponsepo wamwa mankhwala a zilonda za m'mimba kangapo, wapitanso kwina kumene anamuuza kuti anadyetsedwa. Apa khansa imakhala italowerera kale ku ziwalo zoyandikana nazo. Nthawi zina imaboola mpaka njira ya mpweya, moti munthu akangomwa madzi amatsamwa n'kutsokomola kwambiri. Kumutsegula wotereyu n'kumufupikitsira masiku.

Sikuti ndiye tapinda manja. Pali kapaipi kotchedwa stent, kolukidwa ndi waya ngati mono wa asodzi a ku Chilwa. Kamalowa pakamwa katapanikizidwa, osang'amba paliponse, ndipo kakafika pa chotupa kamatambasuka n'kutsegula njira. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2012, anasonyeza kuti ngakhale m'zipatala zathu zino, njirayi imabwezera odwala kumeza. Sikachiza khansa, ndipo timanena zimenezi poyera. Koma munthu amabwerera kwawo akudya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, akumwa mankhwala ake a ululu pakamwa. Wa stent adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, atafune bwino, amwere madzi, ndipo pogona atsamire mokweza mutu, popeza zam'mimba zimabwerera mosavuta.

Mafunso amene a ku Netherlands sangatiyankhire alipo ambiri. Kodi mankhwala aja munthu wowonda chonchi, mwinanso ali pa ma ARV, angawapirire? Ndani mwa odwala athu angapindule ndi opaleshoni? N'chifukwa chake nthawi zina namwino amabwera ndi pepala kukupemphani kulowa m'kafukufuku. Ndikudziwa mphekesera zimene zimayenda anthu akamva zotenga magazi. Kafukufuku aliyense wa pa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona zaufulu wa odwala, monga COMREC kapena NHSRC. Muli ndi ufulu womva zonse m'Chichewa musanasaine kapena kudinda chala, ufulu wokana, ndi wotulukamo pakati, thandizo lanu osachepa.

Ngati chakudya chayamba kukakamira pachifuwa ndipo zikunka zikula, makamaka mwa munthu wopitirira zaka 40, musadikire kuti zifike pa phala. Pitani kuchipatala chapafupi, kaya ndi ku Domasi, ku Thondwe kapena ku Pirimiti, ndipo mukanene momveka kuti nsima ikuima panjira, osangoti m'mimba mukuwawa. Pemphani kalata yokaunikidwa ndi kamera kuchipatala chachikulu. Tsiku lounikidwalo mubwere musanadye kanthu, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo mubwere ndi wokuperekezani.