Malamulo a mpikisano wa Who Wants to Be a Millionaire?: mafunso ndi mayankho

Mpikisano wa mafunso wa pa TV umenewu, umene mphotho yake yaikulu ndi miliyoni imodzi, unayamba ku Britain pa kanema wa ITV pa 4 Seputembala 1998, ndipo ankauyendetsa ndi Chris Tarrant. Unaima mu 2014, n'kubwereranso mu 2018 uli m'manja mwa Jeremy Clarkson. Mayiko ambiri anagula chilolezo n'kukonza wawo: ku South Africa unayamba mu 1999 pa M-Net ndi Jeremy Maggs, ku India mu 2000 ndi Amitabh Bachchan, ku Nigeria mu 2004 ndi Frank Edoho. Mayankho otsatirawa atsamira pa malamulo a ku Britain, poti ndiko kuchimake.

Munthu amafika bwanji pa mpando wofunsidwira mafunso?

M'zaka zoyambirira anthu ankaimba nambala ya foni yolipira mtengo wokwera, ndipo amwayi ankasankhidwa kuchokera pamenepo. Masiku ano amalemba fomu pa intaneti. Wofunsira ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, wokhala ku Britain movomerezeka.

Kuitanidwa ku situdiyo sikutanthauza kuti mwafika pa mpandowo. Oitanidwa, amene kale ankakhala 10 koma kuyambira 2018 amakhala 6, amayamba apimana liwiro. Amapatsidwa zinthu zinayi zoti aziike mu ndondomeko yake podina mabatani, ndipo amene wakhoza zonse m'masekondi ochepa kuposa anzake ndiye amapita kutsogolo. Poyeserera kunyumba mungadzifunse chonchi: ikani matauni awa kuyambira kummwera kupita kumpoto: Mzuzu, Blantyre, Karonga, Lilongwe. Ambiri amagwa pano matauniwo akuwadziwa bwinobwino. Maso amathamangira ku mayina, mawu oti "kuyambira kummwera" osawaona, munthu n'kudina Karonga poyamba. Liwiro limawerengedwa kwa okhawo amene akhoza, choncho sekondi imodzi yowerengera funso mpaka kumapeto si yotaya.

Mafunso amakhalapo angati, nanga ndalama zimakwera bwanji?

Mafunso ndi 15, lililonse lili ndi mayankho anayi, A, B, C ndi D, ndipo lolondola ndi limodzi. Asanu oyamba ndi a £100, £200, £300, £500 ndi £1,000. Otsatira ndi a £2,000, £4,000, £8,000, £16,000 ndi £32,000. Asanu omaliza ndi a £64,000, £125,000, £250,000, £500,000 ndi £1,000,000. Ndalamazi siziphatikizidwa. Mukakhoza funso la £8,000 ndiye kuti muli ndi £8,000 basi, zam'mbuyomo zalowa momwemo.

Kuyambira 2007 mpaka 2014 mafunso anachepetsedwa kufika pa 12, ndipo mu 2010 anaikapo wotchi. Zonsezi anazisiya pobwerera mu 2018. Tsopano wopikisana amaganiza mmene angafunire popanda womuthamangitsa.

Ndikalakwa funso, ndimataya zonse?

Zimatengera pamene mwafika. Pa makwererowa pali malo awiri amene tingawatche potsamira: mukafikapo, ndalama za pamenepo ndi zanu ngakhale mudzalakwe kutsogolo. Mu malamulo akale, potsamira pankakhala pa funso la 5, la £1,000, ndi funso la 10, la £32,000. Wolakwa asanakhoze funso la 5 ankapita chimanjamanja. Wolakwa pa funso la 9 ankatsikira pa £1,000. Wolakwa pa funso la 14 ankatsikira pa £32,000.

Lamulo limeneli ndilo mtima wa mpikisano wonse, ndipo anthu ambiri oonera kunyumba saliganizira mokwanira. Limachititsa kuti mafunso awiri oyandikana akhale osiyana kutalitali. Potsamira pakakhala pa £32,000, funso la 10 ndi loopsa, chifukwa muli ndi £16,000 m'manja ndipo mukalakwa mutaya £15,000. Funso la 11 ndi laulere: mukakhoza mwafika pa £64,000, mukalakwa mukhalabe ndi £32,000 yanu. Kuchoka pa funso lotsatana ndi potsamira osayankha n'kudzimana chabe. Ngakhale simukudziwa kalikonse, lozani limodzi.

Kuyambira 2018, potsamira poyamba pakadali pa £1,000, koma pachiwiri amasankha yekha wopikisana, paliponse kuyambira pa £2,000 mpaka pa £500,000. Woyendetsa mpikisano amamufunsa funso lisanaoneke ngati akufuna kuika potsamira pa ndalama za funso limenelo. Amaika kamodzi kokha, ndipo pamagwira ntchito pokhapokha akakhoza funsolo. Kuika msanga, mwachitsanzo pa £8,000, kumapereka mtendere koma ulendo wonse wotsalawo umakhala wopanda chogwirira. Kuzengereza mpaka pa £125,000 kumatanthauza kuti cholakwa chilichonse musanafikepo chikubwezerani pa £1,000. Maganizo athu ndi akuti muyang'ane njira zothandizira zimene zatsala (njira zinayi zopezera thandizo funso likavuta, zimene tazifotokoza m'munsimu). Ngati mwatha zitatu musanafike pa £16,000, ikani potsamira pa funso lotsatira, musadikire.

Kodi ndingachoke ndi ndalama zanga nditaona kale funso?

Inde. Mumaloledwa kumva funso, kuona mayankho onse anayi, ngakhale kugwiritsa ntchito njira zothandizira zonse zimene muli nazo, kenako n'kunena kuti mwalekera pomwepo. Mumatenga ndalama za funso lomaliza limene munakhoza. Choncho ngati mwaganiza zochoka koma muli ndi njira yothandizira yotsala, igwiritseni ntchito kaye. Kunyumba sikakuthandizani kanthu.

Ndingasinthe yankho?

Mungasinthe kangapo konse pamene mukulingalira. Koma woyendetsa akafunsa ngati limenelo ndi yankho lanu lomaliza, inu n'kuvomera, yankholo limasintha mtundu pa sikirini ndipo latsekeka. Palibenso kubweza mawu.

Njira zothandizira ndi ziti, ndipo iliyonse imafooka pati?

Zilipo zinayi, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi. Mungathe kugwiritsa ntchito zingapo pa funso limodzi.

Yoyamba ndi 50:50. Kompyuta imachotsa mayankho awiri olakwika, n'kusiya lolondola ndi lina limodzi lolakwika. Imathandiza kwambiri ngati mtima wanu wapendekera kale ku yankho lina ndipo mukufuna kuona ngati litsale. Ikakusiyirani awiri omwewo amene mumakayika pakati pawo, sinakuthandizeni kalikonse.

Yachiwiri ndi kufunsa anthu oonerera mu situdiyo. Aliyense amadina batani, zotsatira n'kuoneka m'maperesenti. Gulu limadziwa bwino za masewero, nyimbo, mapologalamu a pa TV ndi za tsiku ndi tsiku, ndiye njira imeneyi ndi yamphamvu m'mafunso apakati. Kumtunda imafooka, chifukwa osadziwa nawonso amavota, ndipo amasankha yankho looneka lodziwika, limene nthawi zambiri ndilo msampha wa olemba mafunso. Yang'anani kusiyana kwa mavoti: 80 pa 100 aliwonse akagwirizana, akhulupirireni, koma 35 uku, 30 uku, ndiye kuti akungoloza. Gulu limathanso kulakwa pa zinthu zapafupi. Mu mpikisano wa ku France, wopikisana wina atafunsa gululo chimene chimazungulira dziko lapansi, oposa theka la oonerera anasankha dzuwa m'malo mwa mwezi, ndipo iye anawatsatira n'kugwa. Chinanso, musanene mokweza yankho limene mukuliganizira musanafunse gululo. Osadziwa adzangokubwezerani maganizo anu omwewo, inu n'kumayesa mwapeza umboni.

Yachitatu ndi kuimbira foni mnzanu. Nthawi ndi masekondi 30, ndipo kuwerenga funso kumadya nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amaononga mwayi: amayamba ndi moni, amawerenga pang'onopang'ono, mnzawoyo n'kuti "bwerezanso", foni n'kuduka asanayankhe. Werengani funso ndi mayankho m'masekondi 10 kapena 12, kenako funsani kuti watsimikiza motani. Gwirizanani pasadakhale kuti ngati sakudziwa anene msanga kuti sakudziwa. Sankhani anzanu odziwa zosiyana ndi zanu, wina za sayansi, wina za mbiri, wina za masewero. Kufufuza pa intaneti n'koletsedwa. Ku America anathetsa njira imeneyi mu 2010 chifukwa oimbiridwa ankasaka mayankho pa kompyuta, ndipo ku Britain kuyambira 2018 wogwira ntchito wa pologalamuyi amakakhala pamodzi ndi woimbiridwayo.

Yachinayi, imene inabwera mu 2018, ndi kufunsa woyendetsa mpikisano. Iye saona yankho pasadakhale, amangonena zimene akudziwa. Clarkson amadziwika ndi nkhani za magalimoto ndi maulendo, ndiye mufunseni zoterozo.

Ndi liti pamene kuloza mwamwayi kuli koyenera?

Werengerani zinthu ziwiri musanatsegule pakamwa: zimene mupate mukakhoza, ndi zimene mutaye mukalakwa. Tiyerekeze kuti potsamira panu pali pa £32,000 ndipo muli ndi £125,000. Funso lotsatira likuonjezerani £125,000, koma likhoza kukulandani £93,000. Pa funso lomaliza mupata £500,000 kapena mutaya £468,000. Pa pepala ziwerengerozi zikuoneka ngati zikulimbikitsa kuyesa ngati mwatsala ndi mayankho awiri. Koma kwa munthu wamba, kusiyana kwa £32,000 ndi £500,000 n'kwakukulu pa moyo wake kuposa kusiyana kwa £500,000 ndi miliyoni. Theka loyambalo ndi nyumba, sukulu ya ana ndi mpamba wa bizinesi. Lachiwirilo ndi loonjezera.

Mu 2000, Duncan Bickley anali ndi £250,000 pamene anafunsidwa dzina la ndege imene Amy Johnson anauluka nayo yekha kupita ku Australia mu 1930. Anayankha kuti Pegasus, dzina lomveka loyenera ndege poti ndi la kavalo wamapiko wa m'nthano za Agiriki. Yankho linali Jason. Anataya £218,000. Yankho lokoma m'khutu pa funso la ndalama zochuluka chonchi liyenera kukuchititsani mantha. Dzifunseni kuti: kodi ndikukumbukira kumene ndinaziwerenga kapena kuzimva, kapena zangondikomera? Ngati simungaloze gwero lake, tengani ndalama zanu.

Nanga funso lenilenilo likakhala lolakwika?

Zimachitika. Mu 1999, Tony Kennedy anafunsidwa pa £64,000 kuti wosewera tenisi angapambane seti atamenya mpira kangati pa kuchepetsetsa. Anati ka 24, poti seti ndi magemu 6 ndipo gemu ndi mapointi 4, ndipo anamuuza kuti wakhoza. Pambuyo pake zinadziwika kuti yankho ndi 12, chifukwa m'magemu atatu amene mdani ndiye akuyamba, mdaniyo akhoza kuphonya kawiri pa pointi iliyonse, winayo osakhudza mpira n'komwe. Popeza cholakwacho chinali cha okonza mpikisano, Kennedy anamusiyira £125,000 imene anapata.

Wobera amamutani?

Mu Seputembala 2001, Charles Ingram, msilikali wa udindo wa meja, anakhoza mafunso onse 15, lomaliza likufunsa dzina la nambala 1 yotsatidwa ndi maziro 100, lomwe ndi googol. Okonza mpikisano anakayikira mmene ankayankhira: ankatchula mayankho onse mokweza mobwerezabwereza, n'kusiya limene ankaoneka kuti walikonda. Atamvetsera zojambulazo anapeza kuti wina mu situdiyo ankatsokomola iye akatchula yankho lolondola. Ndalamazo sanamupatse. Mu Epulo 2003 khoti la Southwark ku London linapeza Ingram, mkazi wake Diana ndi Tecwen Whittock, amene ankamunena kuti ndiye ankatsokomolayo, olakwa pa mlandu wachinyengo, ndipo linawapatsa zilango za kundende zoimikidwa. Atatuwa anaukana mlanduwo.

Kodi mphothoyi amaidula msonkho?

Ku Britain ayi, wopambana amalandira yonse. Ku America mphotho zotere zimalipiridwa msonkho.

Munthu angakonzekere bwanji?

Mafunso omaliza amene anthu anapambanira miliyoni akusonyeza mtundu wa nzeru zofunika. John Carpenter wa ku America, mu Novembala 1999, anafunsidwa za pulezidenti amene anaonekerapo m'pologalamu ina ya nthabwala pa TV, yemwe ndi Richard Nixon. Judith Keppel, woyamba kupambana ku Britain mu Novembala 2000, anafunsidwa mfumu imene inakwatira Eleanor wa ku Aquitaine, yomwe ndi Henry II. Donald Fear mu 2020 anafunsidwa za chigawenga cha panyanja chimene chinaphedwa mu 1718 kufupi ndi gombe la North Carolina, chomwe ndi Blackbeard, ndipo anafika pamenepo atagwiritsa ntchito 50:50 yokha. Ndi nzeru zofalikira, osati zozama pa phunziro limodzi.

Lowezani zinthu zimene zimabwera mu ndondomeko: malikulu a mayiko ndi ndalama zawo, mafumu ndi nduna zazikulu za ku Britain motsatana, apulezidenti a ku America, mapulaneti, mizinda imene inachititsa masewero a Olympics ndi World Cup. Zimenezi zimathandiza pa mpikisano wa liwiro komanso pochotsa mayankho osatheka. Kwa amene anakulira kunja kwa Britain, ngozi yaikulu ili m'mafunso asanu oyamba, chifukwa amachokera ku miyambi ya Chingelezi, nyimbo za ana, zakudya ndi mapologalamu akale a pa TV, zinthu zimene mbadwa ya komweko imazidziwa osaphunzira. Funso la £300 likakuimitsani, funsani oonerera mosachita manyazi, poti pamenepo mulibe potsamira ndipo ndi mafunso otere amene gululo limakhoza pafupifupi lonse.