Ndiwo Sizing'amba Chifu Chosokedwa

Ku Ulongwe ndi mumzinda wa Tete kukumveka zoti munthu amene wachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu kuti aonde azingomwa phala mpaka kalekale, ati nsomba ndi nyama zimadula ulusi. Zimenezi n'zabodza, ndipo zikufooketsa odwala.

Zoona n'zakuti masabata oyambirira amamwa zamadzimadzi, kenako zopota, kenako zofewa, monga mwa ndondomeko ya dokotala wake. Koma kuyambira pachiyambi thupi limafuna mapuloteni, zomanga thupi zopezeka m'ndiwo monga nsomba, nyama, mazira ndi nyemba, magalamu 60 mpaka 80 patsiku kuti bala lipole. Chifu chatsala kang'onong'ono. Masipuni angapo a phala akadzazamo, ndiwo zilowa pati? Mapeto ake minofu imasungunuka, tsitsi limathothoka, miyendo nkuyamba kutupa.

Choncho pa mbale muziyamba ndi ndiwo. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni magalamu 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8. Kapenta wa ku Cahora Bassa musinje akhale ufa n'kuthira m'phala, nyemba za ku Angónia muzipote bwinobwino. Mbuzi yootcha idikire kaye, imauma ndipo imatsamwitsa.

Nsima sinaletsedwe, koma ibwere pomalizira, mbamu ziwiri basi. Choopsa ndi shuga ndi zakumwa zotsekemera, makamaka kwa amene pa opaleshoniyo kachifu kawo kanalumikizidwa chapakati pa matumbo: zimathamangira m'matumbo, munthu n'kutuluka thukuta, mtima kugunda, chizungulire, kutsegula m'mimba. Madzi musamwere pachakudya, dikirani mphindi 30. Mapiritsi a mavitamini, makamaka B12 ndi ayironi, musawasiye.