Chithunzi Chigone Kuti? Mbiri ya Mkangano wa GEM ndi TTM mu Linux

Khadi la graphics, chipangizo chojambula zithunzi za pa sikirini ya kompyuta, lili ndi nkhokwe yakeyake, memory yothamanga kwambiri yotchedwa VRAM. Koma nkhokweyi imadzaza. Munthu akatsegula gemu yaikulu, kanema akusewera pambali, mawindo ena ali mbwee pa sikirini, zonse sizingakwanemo. Zina ziyenera kutuluka, zikagone mu RAM, memory yaikulu ya kompyuta, zidzabwerenso zikafunika. Nanga wogamula kuti ichi chikhale, icho chisamuke, ndani? Funso limeneli linagawa anthu olemba ma driver a graphics (mapulogalamu oyendetsa makhadiwa) mu kernel ya Linux (phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse) m'chaka cha 2008, ndipo zipsera zake zikuonekabe mu code mpaka lero.

Kale kunalibe wosunga nkhokwe weniweni. Pulogalamu ina ikafuna malo, zithunzi za inzake zinkangotayidwa, mwiniwake n'kuzitumizanso kuchokera pachiyambi. Cha mu 2006 Thomas Hellström wa kampani ya Tungsten Graphics anabwera ndi TTM, kutanthauza Translation Table Maps. Maganizo ake anali akuti kernel ikhale kapitawo wa memory yonse. Buffer iliyonse, kutanthauza kachigawo ka memory kosunga chithunzi kapena zinthu zina, inene kumene ikuloledwa kugona: mu VRAM, mu RAM imene khadi likhoza kuiona, kapena mu RAM wamba. Malo akachepa, TTM isamutse imene yakhalitsa osagwiritsidwa ntchito, popanda kutaya kanthu. Ndipo isanasamutse idikire chizindikiro chotchedwa fence, chonena kuti khadi lamaliza nayo, chifukwa kukoka mphasa munthu akadakhalapo n'kumugwetsa.

Ambiri ankayembekeza kuti TTM ilowa mu kernel posachedwa. Kenako mu Meyi 2008 Keith Packard ndi Eric Anholt a ku Intel analengeza njira ina, GEM, Graphics Execution Manager. Dandaulo lawo linali loti TTM ndi yaikulu mopitirira, yovuta kuigwiritsa ntchito, ndipo ikusenzetsa aliyense katundu amene sakumufuna.

Apa mpamene pagona nkhani. Matchipi a Intel a nthawi imeneyo analibe VRAM. Ankadya m'mbale imodzi ndi CPU, ubongo wa kompyuta, mu RAM yomweyo. Kwa munthu amene nkhokwe yake ili m'nyumba momwemo, ngolo yosamutsira chimanga ndi yachiyani? GEM inangotenga memory wamba ya kernel, ija imene imatha kukankhidwira ku disiki malo akachepa, n'kupatsa pulogalamu nambala yogwirira buffer yake. Zinali zoyera, zosavuta kuwerenga. Koma amene ankalimbana ndi makhadi a Radeon ndi a NVIDIA anali ndi vuto lina. Makhadi awo anali ndi VRAM, ndipo nthawi zambiri CPU inkangoona kachigawo ka ma megabyte 256 kokha ka VRAM yonseyo. Buffer imene CPU ikufuna kulembamo inayenera kukokeredwa pa kazenera kameneko, ina n'kuipatsa malo. GEM inalibe yankho pa zimenezi. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona, aliyense poyang'ana chitsulo chimene chinali pa tebulo pake.

GEM inalowa mu Linux 2.6.28 mu Disembala 2008. TTM inatsatira mu 2.6.31, mu Seputembala 2009, limodzi ndi driver yatsopano ya radeon, koma itavala malaya a mnzake: kunja mapulogalamu ankalankhula chiyankhulo cha GEM, m'kati wosamutsa katundu anali TTM. Nouveau, driver ya makhadi a NVIDIA yolembedwa ndi anthu odzipereka, inatenga njira yomweyo.

Panatsala nkhani yogawana. GEM inali ndi flink, njira yopatsa buffer dzina la nambala kuti pulogalamu ina iitsegule. Manambalawo ankangotsatizana, moti pulogalamu yololedwa kugwiritsa khadi inkatha kungoyerekeza nambala n'kuona zimene zili pa windo la wina. Komanso dzinalo linkagwira ntchito m'kati mwa khadi limodzi basi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene vutoli linawapweteka kwambiri anali opanga mafoni ndi timakompyuta ta matchipi a ARM, kumene kamera, GPU (tchipi yojambula zithunzi) ndi sikirini chilichonse chili ndi driver yakeyake. Chithunzi chimodzi cha 1920 ndi 1080, pa ma byte 4 kadontho kalikonse, chimadya pafupifupi ma megabyte 8. Mukamakopera zithunzi 60 pa sekondi kuchoka kwa driver ina kupita kwa inzake, ndiye kuti mukunyamula pafupifupi ma megabyte 500 pa sekondi popanda phindu, batire likutha. Sumit Semwal, pogwira ntchito ndi bungwe la Linaro lokonza Linux ya matchipi a ARM, anatsogolera dma-buf, njira yoti ma driver agawane buffer popanda kukopera, imene inalowa mu Linux 3.3 mu 2012. Buffer imasanduka ngati fayilo yotsegulidwa, ndipo amene angaigwire ndi yekhayo amene mwamupatsa m'manja. Dave Airlie anamangapo PRIME, yothandiza malaputopu a ma GPU awiri, kuti khadi lamphamvu lijambule, tchipi ya Intel ionetse pa sikirini.

Chaka chomwecho NVIDIA inapempha kuti dma-buf itsegulidwe kwa ma driver amene code yake ndi yobisika. Alan Cox, mmodzi mwa olemba kernel, ndi ena anakana, ponena kuti ntchito imene anaipereka pansi pa chilolezo cha GPL, chimene chimafuna kuti code ikhale poyera, singasinthidwe iwo asanavomere. Chitseko chinakhalabe chotseka, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino kuteteza thukuta lawo, ngakhale eni malaputopu otere anavutika kwa zaka.

Patapita zaka zoposa khumi kuchokera pa mkangano wa mu 2008, Intel inayamba kupanga makhadi okhala ndi VRAM yawoyawo, ndipo vuto lija la mu 2006 linafika pakhomo pake. Cha mu 2021 driver ya i915 inayamba kugwiritsa ntchito TTM pa makhadi amenewa. Driver yatsopano ya Xe, imene inalowa mu Linux 6.8 mu 2024, inamangidwa pa TTM kuyambira pa maziko. Mmodzi mwa oyang'anira driver imeneyi pamene inkalowa anali Thomas Hellström, amene pofika nthawiyi anali atayamba ntchito ku Intel.