Za ma stem cell ndi matenda a shuga: jakisoni wa insulini uja musasiye

Abale, nkhani yoti ku America apeza njira yochiziratu shuga yafala kwambiri, anthu akungotumizirana pa WhatsApp, ena afika pofunsa kuchipatala kuti kodi basi ndisiye kubaya? Nkhaniyi si bodza ayi, koma ikumafika kwa ife itadulidwa mutu ndi mchira, ndiye tiyeni tiione bwinobwino.

Shuga ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu. Mu kapamba muli timaselo tina totchedwa beta, ntchito yake nkupanga insulini, ndipo insuliniyo ndi imene imathandiza kuti shuga wa mu nsima kapena mbatata yomwe mwadya achoke m'magazi alowe m'thupi kukapereka mphamvu. Pa type 1, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka nkuyamba kupha timaselo timeneti, nthawi zambiri zimayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndipo popanda jakisoni munthuyo sangakhale ndi moyo. Pa type 2 insulini imakhalapo koma thupi siliimva bwino. Pa anthu 10 odwala shuga, pafupifupi 9 ndi a type 2. Kafukufuku amene akutchukayu ndi wa type 1, ndiye ngati inu mumamwa mapiritsi a type 2 monga metformin, nkhaniyi panopa sikukukhudzani.

Ganizo lake ndi losavuta kumva: timaselo tafa, bwanji tipange tina tiikemo. Ku Edmonton ku Canada mchaka cha 2000 anaonetsa kuti timaselo ta mu kapamba wa munthu womwalira titha kugwira ntchito mwa wodwala, koma akapamba otero ndi ochepa, sangakwanire aliyense. Apa ndi pamene ma stem cell a mluza akubwerapo. Mluza ukakhala wa masiku asanu okha, kanthu kosaoneka bwino ndi maso, umakhala ndi maselo oti sanasankhe chomwe adzakhale, atha kusanduka mtima, khungu, ubongo kaya kapamba. James Thomson wa ku yunivesite ya Wisconsin ndi amene anayamba kuwasunga ndi kuwachulukitsa mu labu mu 1998, ndipo miluza yake inali yotsala kuzipatala zothandiza mabanja osabereka.

Mkangano unayambira pomwepo, chifukwa kuti utenge maselowo mluzawo umawonongeka. Amipingo ambiri, makamaka Akatolika, anati uwu ndi moyo wa munthu, msonkho wathu usapite kumeneko. Makolo a ana odwala shuga nawo anati miluza yotsalayo idzatayidwabe, bwanji ipulumutse ana athu. Ine sindinganene kuti mbali ina inalibe mfundo, onse ankalankhula zochokera pansi pa mtima. Ku America lamulo la 1996 linali litaletsa kale ndalama za boma pa ntchito yowononga miluza, kenako pa 9 August 2001 Pulezidenti George W. Bush anati boma lizilipira kafukufuku pa maselo okhawo amene analipo kale tsikulo lisanafike. Anati magulu a maselowo alipo oposa 60, koma ogwiritsika ntchito anangopezeka 21 basi. M'malabu zinafika poti ankamata zizindikiro pa mafiriji ndi makina kuti ichi chinagulidwa ndi ndalama za boma, maselo atsopano asayandikire, munthu mmodzi yemweyo kumagwira ntchito ndi zipangizo ziwiriziwiri, ndalama ndi nthawi kumangotha.

Anthu a ku California sanadikire, mu 2004 anavota okha kuti boma lawo lipereke madola 3 biliyoni pa kafukufukuyu, ndipo mu 2020 anawonjezera ena 5.5 biliyoni. Pulezidenti Barack Obama anachotsa chiletso cha Bush mu March 2009. Pakati pakepo Shinya Yamanaka wa ku Japan anapeza njira yobwezera maselo a pakhungu la munthu wamkulu kuti akhale ngati a mluza, mu 2007, zomwe zinachepetsako phokoso.

Amene nkhani yake imandigwira mtima ndi Doug Melton wa ku yunivesite ya Harvard. Iyeyu ankafufuza za achule, koma mwana wake wamwamuna anapezeka ndi type 1 ali wa miyezi 6, kenako wamkazinso anapezeka nayo, ndiye bamboyu anasintha ntchito yake yonse. Pa nthawi ya chiletso anadalira ndalama za mabungwe omwe si a boma. Zinamutengera zaka pafupifupi 15 kuti apeze ndondomeko yosandutsira stem cell kukhala selo lopanga insulini, ndipo anailengeza mu 2014. Kampani yake inagulidwa ndi kampani ya mankhwala ya Vertex mu 2019, wodwala woyamba analandira maselowo mu 2021, amawalowetsa kudzera mu mtsempha wopita kuchiwindi.

Zotsatira zinatuluka mu June 2025: pa anthu 12 amene analandira mlingo wonse, 10 anali atasiya kubaya insulini patatha chaka. Ndi nkhani yaikulu ndithu, chiyambireni insulini mu 1921 zoterezi zinali maloto chabe. Koma taonani mbali imene ma meseji aja samanena. Anthuwo ndi 12 okha. Anasankhidwa chifukwa shuga wawo ankatsika koopsa iwo osazindikira mpaka kukomoka. Ndipo onse amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi tsiku lililonse kuti thupi lisaphe maselo achilendowo, ndiye wasiya jakisoni koma walowa mu vuto lina, matenda ena amakugwira mosavuta, impso nazo zimafunika kumaziyang'anira. Anthu awiri amene anali mu kafukufukuyu anamwalira, mmodzi ndi matenda oumitsa khosi oyamba ndi mafangasi, aja timawadziwa kwa anthu amene chitetezo chatsika. Kwathu kuno komwe TB ili ponseponse, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ku China nako mu 2024 analengeza za mayi wina wa zaka 25 amene anasiya insulini atamuika maselo opangidwa kuchokera m'thupi lake lomwe, koma ameneyo ndi munthu mmodzi.

Tsono izi zogulitsa m'timapaketi zolembedwa kuti stem cell, zoti muziika pansi pa lilime kapena kusungunula m'madzi, mtengo wake wokwera ngati thumba la feteleza, sizikugwirizana ndi kafukufuku ameneyu ngakhale pang'ono. Maselo enieni ndi amoyo, amasungidwa mu labu, sangakhale ufa wa mu paketi, ndipo chilichonse chomwe mwameza mimba imachigaya ngati ndiwo basi. Wogulitsa akakuuzani kuti siyani mankhwala akuchipatala kuti zake zigwire bwino, musamumvere. Mwana wa type 1 akasiya insulini, masiku ochepa okha amayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, m'mimba kupweteka, kupuma mothamanga ngati wathamanga mtunda, kenako kukomoka. Mukaona zimenezi thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, musadikire kuche.

Chomwe chili m'manja mwathu lero ndi chomwechija. Bayani pa nthawi yake ndipo muzisintha malo obaya, pamimba, pantchafu, osati pamodzimodzi mpaka patupe. Insulini isakhale padzuwa, ngati firiji mulibe kapena magetsi akuvutavuta ikani botolo mu kachitini kotseka bwino, muike mu mtsuko wadothi wa madzi ozizira pamthunzi. Muziyenda ndi masiwiti kapena shuga pang'ono m'thumba, mukamva kunjenjemera, thukuta ndi njala yadzidzidzi idyani msanga, ndipo akunyumba ndi aphunzitsi a mwana adziwe zimenezi, koma munthu akakomoka musamuthire chakumwa mkamwa. Tsiku la kliniki likakwana pitani ndi buku lanu lakuchipatala ngakhale mukumva bwino, akuoneni maso, mapazi ndi BP, ndipo ngati wina wakupatsani kapaketi kaja katengeni mukawaonetse a dokotala musanakatsegule.