Tenthetsani mwendo ndi mkuwa, solder adzatsata yekha

Pedal ya gitala (kabokosi koponda ndi phazi kosinthira mawu a gitala) imene munthu wadzipangira koyamba ikakana kulira, kapena ikalira kenako n'kumadukiza mukaiponda, ambiri amathamangira kuloza chala transistor kapena chip. Pa ntchito yanga yokonza ma amp ndi ma pedal ndimapeza kuti nthawi zambiri zipangizozo zilibe mlandu. Vuto limakhala pamalo amodzi amene sanawotcherereke bwino, ndipo gwero lake ndi chizolowezi chimene pafupifupi aliyense amayamba nacho.

Munthu amasungunulira solder, chitsulo chofewa cholumikizira zipangizo, pansonga ya soldering iron, chida chotentha chowotcherera, kenako n'kunyamula dontholo kukaliika pamwendo wa resistor, ndiko kuti kawaya kake kolowa m'bowo la bolodi yomangirapo zipangizo. M'kati mwa waya wa solder muli flux, utomoni umene umatsuka chitsulo kuti solder agwire. Utsi umene umakwera mukangosungunula uja ndi flux akupsa, ndiye pofika pa bolodi amakhala atatha kale. Pamenepo mwendo ndi kabwalo ka mkuwa kozungulira bowolo zikadali zozizira, choncho solder amangokhala pamwamba ngati dontho la madzi patsamba la nthochi. Lero magetsi adutsa. Pedal ikagwedezeka m'chikwama kapena ikapondedwa kangapo, basi yayamba kuthetheka.

Chofunika kutenthedwa ndi zitsulo ziwiri zimene mukulumikizazo. Pukutani nsonga, ipakeni solder pang'ono kuti inyezimire, kenako igunditseni pamene mwendo wakumana ndi mkuwa, ikhudze zonse ziwiri nthawi imodzi. Dikirani sekondi imodzi. Tsopano bweretsani waya wa solder mbali inayo, akhudze mwendo ndi mkuwa osati nsonga. Ngati zatenthadi mudzaona solder akusungunuka n'kuyenderera yekha kuzungulira mwendo, kulowa m'bowo. Chotsani waya poyamba, soldering iron pambuyo, ndipo musagwedeze kanthu mpaka atauma. Zonsezi ndi masekondi 2 kapena 3. Malo owotcherera bwino amaoneka ngati kaphiri kosongoka, kotsetsereka molowa m'kati, ndipo mwendo umaonekera pamwamba. Mukaona mpira wozungulira, kapena kamzere kakuda pakati pa solder ndi mwendo, bwerezani.

Oyamba ambiri amaopa kupsereza zipangizo, ndiye amatsitsa moto. Apa ndipamene amazipsereza. Soldering iron yozizira imakukakamizani kukhala pamalo amodzi masekondi 10 kapena kuposa, ndipo nthawi yonseyo kutentha kukukwera ndi mwendo kulowa m'kati mwa chipangizo, guluu wogwira mkuwa ku bolodi nayenso akufewa mpaka kabwalo kamatuka. Moto wokwanira kwa nthawi yochepa ndiwo umateteza. Solder wa 63/37, kutanthauza magawo 63 a tini ndi 37 a mtovu, amasungunuka pa 183°C, ndipo wa 60/40 amamaliza kusungunuka cha pa 190°C, koma nsonga muiike pakati pa 320°C ndi 350°C chifukwa mkuwa umayamwa kutentha msanga. Solder wopanda mtovu, amene anafala malamulo a ku Ulaya a RoHS atayamba kugwira ntchito mu 2006, amasungunuka cha pa 217°C, amafuna nsonga ya pafupifupi 370°C, ndipo sanyezimira ngakhale mutawotcherera bwino. Kwa wophunzira ine ndimasankha 63/37 wa mamilimita 0.7 kapena 0.8, chifukwa amauma nthawi yomweyo ndipo diso limaona msanga pamene zalakwika. Nsonga ikhale yophwatalala pang'ono ngati chizulo. Yosongoka ngati singano imakopa maso, koma imagunda malo ochepa ndipo sipereka kutentha kokwanira.

Flux wa asidi amene amagwiritsa ntchito owotcherera zidebe ndi mapaipi asayandikire bolodi yanu. Amagwira bwino tsiku loyamba, kenako amadya mkuwa pang'onopang'ono. Gulani solder wolembedwa rosin core. Ndipo ngati soldering iron yachokera ku America kapena ku Japan, werengani kaye zimene zalembedwa pa iyo: kumeneko magetsi ndi 120 kapena 100 volts, pamene a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230.

Pa pedal pali malo awiri pamene kuchedwa kumawonongadi. Oyamba ndi swichi yoponda ija, imene amaitchula 3PDT. Ili ndi timiyendo 9 tomizidwa mu pulasitiki kapena epoxy, ndipo mukakhalitsa pa kamodzi, pulasitikiyo amafewa, kamwendo kamasuntha, m'kati simugundanso bwino. Kunja swichi imaoneka yabwinobwino, imalirabe "ka!" mukaiponda, koma mawu sadutsa. Pakani solder ku waya pawokha poyamba, ulowetseni m'kabowo ka kamwendo, wotchererani masekondi 2, kenako dumphani kupita pa kamwendo kakutali, kapena pumulani kuti swichi izizire. Kuwotcherera timiyendo tonse 9 motsatizana osapuma ndiko kumapha maswichi ambiri.

Malo achiwiri ndi transistor wa germanium. Pedal ya Fuzz Face, imene kampani ya Arbiter inatulutsa ku London mu 1966, ili ndi ma transistor awiri okha, ma resistor anayi ndi ma capacitor atatu, n'chifukwa chake ambiri amayambira pomwepo. Koma ma transistor a germanium, monga NKT275 kapena AC128, sapirira kutentha ngati a silicon, komanso abwino ake ndi osowa ndi odula. Panani mwendo ndi kachopanira kachitsulo pakati pa thupi la transistor ndi malo owotcherera kuti kaziyamwa kutentha. Chabwino koposa, wotchererani socket, kampando ka timabowo tolowetsamo miyendo, pa bolodi n'kungosomekamo transistor zonse zitazizira. Chimodzimodzinso chip cha miyendo 8 ngati JRC4558 chimene chinali mu pedal ya Ibanez Tube Screamer TS808: socket ndi yotchipa, ndipo imakupatsani mwayi wosintha chip n'kumvetsera kusiyana kwake popanda kuyatsa soldering iron.

Podzaza bolodi yambani ndi zazifupi, ma resistor ndi ma diode, mumalize ndi zazitali. Diode, LED ndi capacitor wa electrolytic ali ndi mbali yake yolowera, ndipo kuyang'ana kawiri musanawotcherere n'kosavuta kusiyana ndi kuzula. Miyendo muidule mukatha kuwotcherera, pamwamba pa kaphiri kaja, dzanja lina litaphimba kuti kachidutswa kasakulasheni m'diso. Bokosi la pedal, monga Hammond 1590B, ndi la aluminiyamu ndipo solder wamba sagwirapo. Ground, njira yobwererera magetsi, imafika ku bokosi kudzera pa jack (polowetsa chingwe cha gitala) yachitsulo yomangidwa molimba. Kumbuyo kwa ma pot, zopotokola zosinthira voliyumu ndi mawu, ndi chitsulo, choncho ikanipo pulasitiki kapena tepi kuti pasagunde pansi pa bolodi. Ma pedal ambiri amatsata njira ya kampani ya Boss ya 9 volts, pamene kapini kapakati polumikizira adapter ndi negative, mosiyana ndi ma adapter ambiri a m'nyumba.

Utsi uja si mtovu, ndi flux, koma umapweteka m'mapapo mukaupuma tsiku ndi tsiku. Tsegulani zenera, fani iziukankhira kutali ndi nkhope. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja ndi pakamwa, ndiye musadyere pa tebulo logwirira ntchito, sambani m'manja ndi sopo mukamaliza, ndipo tizidutswa ta solder tisatsale pansi pamene ana amakwawa. Izi ndimazinena molimba chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa.

Musanalumikize batire, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muiike pamene imalira mawaya akagundana, muyeze pakati pa 9 volts ndi ground. Ikalira osaleka, pali solder amene walumikiza mizere iwiri, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito stripboard, pamene mizere ya mkuwa ndi yoyandikana kwambiri. Pedal ikayaka koma osatulutsa mawu, pangani chofufuzira: chingwe cha gitala chopita ku amp, waya wake wa ground upane ku ground ya pedal, ndipo ku waya wa mawu mulumikize capacitor wa 100nF. Tsitsani voliyumu ya amp, wina aziimba gitala, inu muzigunda ndi mwendo wa capacitor malo ndi malo kuyambira polowera mawu kutsata chithunzi cha circuit. Pamene mawu asowera, yang'anani malo owotcherera apafupi, muwatenthetsenso n'kuwonjezera solder watsopano pang'ono kuti flux wake atsuke malowo.